Dzina la pa chiphaso silingakufikitseni lokha kwa makolo anu

Nkhaniyi ndi ya omvera nonse, makamaka inu a ku Mitundu, a ku Nathenje ndi midzi yonse ya mafumu athu a Chiseka, a Chadza, a Kalumba, a Masula ndi a Mazengera. Lero tikambirane za mayina a mabanja athu: kumene anachokera, ndi kumene munthu angagogode akafuna kulondola makolo ake.

M'chaka cha 2017, boma kudzera ku nthambi ya National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire chiphaso cha unzika. Amene munaima pa mizere ija mukukumbukira mafunso ake: dzina lanu, dzina la bambo, dzina la mayi, mudzi, mfumu yaikulu. Pamenepo m'pamene mabanja ambiri anaona chinthu chimene ankangokhala nacho osachilabadira. Ana oyamwa bere limodzi anapezeka ndi mayina otsiriza osiyana. Wina analembetsa dzina loyamba la bambo ake, wina la agogo ake aamuna, wina mfunda, wina dzina limene analembera mayeso a Sitandade 8. Palibe amene ananama. Aliyense anatchula dzina limene amadziwika nalo kwinakwake.

Tsono ana athu amene akukulira ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Johannesburg ayamba kufunsa kuti, kodi dzina lathuli linachokera kuti? Funsoli ndi labwino, ndipo ine ndimakondwa ndikalimva. Koma ndikuchenjezeni msanga. Mukangogwira dzina lotsiriza lokhalo n'kumalitsata, simupitirira agogo a bambo anu musanasochere.

Ku England, m'matauni a mafakitale a nsalu monga a ku Lancashire, munthu amatha kutsata dzina limodzi kwa zaka pafupifupi 200. Boma la kumeneko linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira mu 1837, ndipo kalembera wa mu 1841 analemba munthu aliyense ndi dzina lake, nyumba ndi nyumba. Kuno kwathu lamulo la atsamunda la mu 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye kulembetsa ana awo, koma ife eni dziko ayi. Lamulo lokhudza aliyense linadzabwera mu 2010, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015. Ndiye kuti kwa zaka zoposa 100, mwana wobadwira ku Nathenje boma silinkamudziwa. Linkadzamudziwa atakula, likamufuna msonkho, ndipo amene ankafunidwa kwambiri anali mwamuna.

Komanso ife Achewa sitinkasowa dzina lotsiriza, poti tinali ndi njira yathu yodziwirana. Munthu ndi wa mbumba ya amayi ake. Munda amaupeza kuchikazi, ufumu umatsata kuchikazi, mlandu ukagwa amene amaimirira ndi atsibweni, mwini mbumba. Bambo pa chikamwini ndi munthu wochokera mudzi wina, ndipo ukwati ukatha kapena mkazi akamwalira amabwerera kwawo, ana n'kutsala. Ndiye taonani chimene pepala limachita. Limakupatsani dzina la munthu amene pa mudzipo anali mkamwini, n'kusiya mzere wa amayi, agogo aakazi ndi amayi awo, umene ndiwo wakhala pa nthaka imeneyo mibadwo yonseyi. Ndi zoona kuti masiku ano chitengwa chachuluka, ndipo ana ambiri akukulira kwa abambo awo. Koma mukabwerera m'mbuyo mibadwo iwiri kapena itatu, mudzapeza kuti mzere wosaduka ndi wa akazi.

Ena amati, ine ndiye sindivutika, mfunda wanga ndikuudziwa, ndine Phiri. Chabwino. Mfunda, umene ena amati chiwongo, ndi chuma chenicheni. Umakuuzani kuti a Phiri ndiwo fuko la Kalonga, a Banda ndiwo ankadziwika ndi za nthaka ndi mvula, ndipo pali a Mbewe, a Mwale, a Nkhoma, a Kwenda ndi ena. Mfunda ndi umene umachititsa kuti mayi wachikulire tizimuitana mwaulemu kuti Anaphiri, Anabanda, Anambewe. Koma a Phiri ali ku Kasungu, ali ku Katete kwa Gawa Undi, ali ku Tete, ali ku Harare. Kufunafuna agogo anu m'mabuku ndi dzina loti Phiri lokha kuli ngati kutsata mapazi a munthu mmodzi pa Mitundu tsiku la msika. Ndiponso kale fuko linkatsata mayi, pamene lero ambiri mfunda amatenga kwa bambo, ndipo ofufuza mbiri amati kusinthaku kunabwera chifukwa chokhalirana ndi Angoni. Motero mungapeze kuti agogo anu anali Banda potsata njira ina, Phiri potsata inzake, ndipo zonse ziwiri ndi zoona.

Vuto lina ndi loti munthu mmodzi ankasenza mayina angapo pa moyo wake. Pali la ubwana. Pali limene ankapatsidwa akatha msinkhu n'kuvinidwa, ndipo kuyambira pamenepo kumutchula la ubwana kunali chipongwe. Pali la ubatizo, pali la ku ntchito, ndipo akalowa ufumu mayina onsewa ankakwiririka ndi dzina la mpando. Zimenezi si za anthu wamba okha. Dr Kamuzu Banda dzina loti Hastings analitenga kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Bingu wa Mutharika anabadwa ali Brightson Webster Ryson Thom. Ngati atsogoleri a dziko, amene mbiri yawo inalembedwa m'mabuku, anasintha mayina chonchi, nanji agogo anu amene analemba ntchito pa esiteti ya fodya, kapitawo n'kuwalemba dzina limene iye anatha kulitchula? Mayina ambiri amene lero ndi a mabanja, monga Jailosi, Wilisoni, Botomani kapena Supuni, anayamba ngati dzina la munthu mmodzi, la ku tchalitchi kapena la ku ntchito, ndipo linasanduka la banja tsiku limene mphunzitsi anafunsa mwana kuti, bambo ako ndani?

Nanga mapepala alibe ntchito? Ali nayo yaikulu. Koma mupiteko mutanyamula zinthu zitatu: mudzi, mfumu, ndi mayina onse amene munthuyo ankadziwika nawo.

Khomo loyamba kugogoda ndi la mpingo, chifukwa kuno amene anayamba kulemba mayina a anthu wamba, amuna ndi akazi omwe, ndi amishoni. A Dutch Reformed Church anafika ku Mvera mu 1889, motsogozedwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo mu 1896 anatsegula Nkhoma, m'dziko la Mazengera, pamene anthu ankakhala m'phiri poopa nkhondo ya Angoni. Kuchokera ku Nkhoma sukulu za m'midzi zinafalikira chigawo chonse chino, ndipo mu 1926 mpingowo unalowa mu CCAP. Munthu akalowa kalasi ankalembedwa. Akabatizidwa ankalembedwa. Ukwati, ubatizo wa ana, kudulidwa ndi kubwezeredwa mu mpingo, kalata yosamukira ku mpingo wina, zonsezi zinkasiya dzina m'buku. Kalata yosamukirayo musaipeputse, chifukwa ndiyo ingakuuzeni kumene banja linachokera lisanafike pamene lili.

Kwa Akatolika, monga ku Likuni, ku Mlale kufupi ndi Mitundu ndi ku Nathenje, buku la ubatizo limasunga dzina la wobatizidwa, la bambo, la mayi, mudzi, ndi la amene anamuimira pa ubatizo. Kawirikawiri ukwati wake umadzalembedwa pambali pa mzere womwewo. Mabuku akale ena analembedwa m'Chilatini, choncho musadabwe kupeza agogo anu Yohane atalembedwa Joannes. Dziwaninso kuti parishi yatsopano inatuluka mu yakale, ndipo mpingo wa CCAP wa kwanuko unabadwa kuchokera ku mpingo wina. Ngati agogo anabatizidwa tchalitchi chanu chisanamangidwe, dzina lawo lili ku mpingo umene unabala wanuwo. Funsani abusa, bambo mfumu, mlembi wa mpingo kapena akatekisiti achikulire kuti kale dera lanu linkayendetsedwa kuchokera kuti.

Koma pano ndiyenera kunena chilungamo. Mabuku a mpingo sanalembe aliyense. Kwa zaka zambiri mishoni ndi gule wamkulu sizinkamwerana madzi, ndipo m'midzi yambiri ya kuno anthu a mwambo anali ochuluka. Mwamuna wa mitala sankalandiridwa ngati mkhristu wathunthu, ndipo mkazi wachiwiri ndi ana ake nthawi zambiri m'bukumo mulibe. Mukapanda kuwapeza agogo anu, musaganize kuti anali anthu achabe kapena obwera. Mwina anali eni mzinda wa gule, anthu olemekezeka kwambiri pa mudzipo, amene cholembera cha mmishonale sichinawafike.

Muzisamalanso ndi kalembedwe. Kale Nkhoma ankalemba Mkhoma, Chewa ankalemba Cewa, ndipo l ndi r ankazisinthanitsa mmene mlembi wafunira. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma amene anayenda kufunsa akuluakulu nalemba buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, dzina lake lomwe m'mabuku ena ndi Ntara, mwina Nthara. Powerenga buku lakale, litchuleni dzinalo mokweza kuti khutu likuthandizeni pamene diso lakanika.

Tibwere kwa boma. Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, ndipo Lilongwe inakhala boma mu 1904. Kuti msonkho utoleredwe, alembi ankalemba mudzi ndi mudzi, nyakwawa ndi anthu ake. Ma DC ankasunganso mabuku ofotokoza mafumu, mmene analowera ufumu ndi kumene anthu awo anachokera. Zotsala za zolembazi malo ake ozifunira ndi ku National Archives of Malawi ku Zomba, imene inayamba mu 1947. Koma mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba komweko, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira anapsa. Ndinene mosabisa kuti ku Zomba n'kosavuta kupeza mbiri ya mudzi wanu ndi ufumu wake kusiyana ndi kupeza dzina la agogo anu. Komabe mbiri ya mudzi ndi theka la ulendo, popeza midzi yathu yambiri imatchedwa ndi dzina la munthu amene anaiyambitsa, ndipo mudzi ukagawikana anthu amakumbukira kuti unatuluka mwa uti.

Fodya nayenso anasiya mayina. Chigwa cha Lilongwe chinayamba kulima fodya wa chikopa kwambiri m'zaka za m'ma 1920, ndipo kuyambira 1926 bungwe la Native Tobacco Board linkalemba alimi ake. Kenako mu 1968 kunabwera chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, ndi ndalama za World Bank. M'madera ena a boma lino minda inayezedwa n'kulembedwa m'dzina la banja lonse, imene ankaitcha ndunda, ndipo pa pepala pankakhala dzina la munthu woimira banjalo. Ngati kwanu kunafika zimenezi, ku ofesi ya za malo ku Lilongwe n'koyenera kukafunsa, chifukwa dzina limenelo lingakuuzeni amene anali mutu wa banja lanu zaka 50 zapitazo. Ku Bunda nakonso, kuyambira pamene koleji inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960, kunabwera antchito ochokera m'maboma osiyanasiyana, ena n'kukwatira konkuno osabwereranso. N'chifukwa chake kuzungulira Mitundu mumamva mayina a Chitumbuka, a Chiyao ndi a Chilomwe pa ana amene amayi awo ndi Achewa enieni.

Mbali imene imandikhudza mtima kwambiri ndi ya amuna amene anapita kunja. Palibe mudzi kuno umene sunatumize ana ake ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, kapena ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi, ena wapansi paokha. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda anaimitsa ulendo wa ku migodiwo. Unadzayambiranso pansi pa dzina la TEBA mpaka 1988. Olemba ntchitowa ankalemba dzina, mudzi, mfumu ndi boma, ankadinditsanso chala. Koma ambiri ankapita ndi dzina la mbale wawo, kapena ankasintha dzina pothawa bwana wankhanza. Ena sanabwerere konse, amene timati machona. Lero ku Zimbabwe kuli adzukulu awo, a Phiri ndi a Banda, amene za kwawo amangodziwa mawu amodzi oti Lilongwe. Ngati m'chikuta cha agogo muli chitupa chakale, kabuku ka ku mgodi kapena kalata yokhala ndi sitampa ya Salisbury, musayatsire moto. Nambala imene ili pamenepo ingathandize kuposa dzina. Ndipo mlendo wolankhula Chichewa chosweka akafika pa Nathenje n'kumafunsa mudzi wa agogo ake, musamuseke. Mutengereni kwa nyakwawa.

Za ku sukulu ndingodutsamo. Kaundula wa sukulu amathandiza pa chaka chobadwa ndi dzina la kholo, koma tonse tikudziwa kuti malo a ku sekondale anali ochepa, ndipo ambiri ankabwereza Sitandade 8 ndi dzina lina komanso zaka zochepetsa. Alipo mabanja amene dzina lawo lonse linayambira pa fomu ya mayeso.

Tsono muyambire pati? Muyambire pakhonde la mayi wamkulu kwambiri wa mbumba yanu, ndipo musapite chimanjamanja. Musawafunse kuti dzina lathu linachokera kuti, chifukwa adzangoti ndi la agogo ako, nkhani n'kuthera pomwepo. Afunseni kuti, agogo, inu munabadwira mudzi uti? Amayi anu anali Anachiyani? Anabadwa angati m'mimba mwawo, ndipo woyamba anali ndani? Atsibweni anu anali yani? Ankhoswe a ukwati wanu anali ndani? Tisanakhale pano tinali kuti, ndipo manda athu akale ali kuti? Zaka musawaumirize. Iwo amakumbukira ndi zochitika: chaka cha dzombe, njala ya 1949, nthawi ya Chitaganya, kubwera kwa Kamuzu mu 1958, kufika kwa othawa nkhondo a ku Mozambique. Inu ndi amene mudzasandutse zimenezo kukhala manambala. Dzina lenileni la mayi wachikulire mwina sadzalitchula msanga, chifukwa kwa iwo kutero ndi kupanda ulemu. Dekhani, mudzabwerenso tsiku lina. Mukamva kwa iwo, kamveninso kwa atsibweni ndi kuchimuna, ndipo pamene akusiyana lembani zonse ziwiri pamodzi ndi dzina la amene wanena.

Pali chinthu china chimene timataya mwezi ndi mwezi. Pa maliro alionse pamawerengedwa mbiri ya malemu: anabadwa liti, kwa yani, anakwatira kuti, asiya ana angati ndi adzukulu angati. Akuluakulu amakhala pansi usiku kugwirizana za mbiri imeneyo, mbali zonse ziwiri zilipo. Mwambo ukatha, pepala lija limatsala m'thumba la jekete mpaka kuchapidwa nalo. Chonde, pepala limenelo lizisungidwa. Chimodzimodzi pomanga chiliza, lembanipo mayina onse a munthuyo ndi mfunda wake. Ndipo mukafuna kukawerenga ziliza zakale, kumanda sikulowedwa mwachisawawa. Pemphani kwa mfumu, akupatseni munthu wokuperekezani.

Ndikuchenjezeninso kuti si zonse mudzapeze zimene zidzakukondweretseni. M'nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo, anthu ankagwidwa, ena ankaperekedwa polipira mlandu, n'kulowetsedwa m'mabanja a eni mudzi. Akuluakulu amadziwa nyumba zimene zinayamba motero, ndipo anasankha kukhala chete kuti mudzi ukhale umodzi. Mudzapezanso ana amene bambo wawo weniweni si amene analembedwa. Maganizo anga ndi oti choonadi chotere chisungidwe m'banja, chinenedwe mwaulemu kwa amene chikuwakhudza, koma chisasanduke chida. Ndikudana nako kwambiri kufufuza mbiri ndi cholinga chokalanda munda wa mayi wamasiye, kapena chokauza banja limene lakhala pa mudzi mibadwo inayi kuti ndinu obwera. Milandu ya malo ndi ya ufumu yatikwana kale m'mabwalo athu. Amene akufuna mbiri kuti athamangitse mnzake, nyakwawa ili ndi ufulu womukaniza.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'choti mboni zathu ziwiri zonse zikutha nthawi imodzi. Amene anabadwa Chitaganya chisanayambe mu 1953 tsopano apitirira zaka 70. Mabuku nawo ali m'makabati a m'mavesitili ndi m'nyumba za mafumu, momwe chiswe, mbewa ndi denga lodontha sizisankha tsamba. Buku la ubatizo likawonongeka, nthawi zambiri palibe lina lolowa m'malo mwake.

Ndiye pempho langa likupita kwa inu abusa ndi akulu a mpingo a Sinodi ya Nkhoma, kwa ansembe a ku Mlale ndi ku Nathenje, kwa mashehe ndi atsogoleri a mipingo ina yonse: tulutsani mabuku akalewo, muwaone mmene alili, ndipo mulole achinyamata odalirika awajambule tsamba ndi tsamba ndi foni, zithunzizo zisungidwe malo oposa amodzi. Ophunzira a ku LUANAR ku Bunda ali pakhomo pathu pomwepa, ntchito yotere angathe kuthandiza mutawapempha. Kwa inu mafumu, m'kaundula wa mudzi musamangolemba mutu wa banja wolandira feteleza. Lembaninso mayi wa nyumbayo, amayi ake ndi mfunda wawo. Ndipo inu omvera, gulani kope la masamba ambiri, tsamba loyamba mulembepo dzina la amayi anu, la amayi awo ndi mudzi umene anabadwira. Pamene pakusowani, pitani mukafunse sabata ino, agogo akadali ndi mphamvu zoyankhula.